Posankha kophunzirira nkhonya ku Mutare, muyeso ukhale mutu wa wophunzira

Mu mzinda wa Mutare, monganso ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete, wachinyamata amene akufuna kuphunzira luso lomenya sasowa kolowera. Pali makalabu a nkhonya amene amabwereka holo ya m'dera madzulo, pali magulu a karate amene amakumana m'kalasi ana asukulu akaweruka, ndiponso pali majimu a m'tauni okhala ndi magalasi m'makoma, amene amalengeza za kickboxing pa Facebook. Chovuta n'chakuti alowe khomo liti. Ambiri amayang'ana zinthu zitatu: dzina la masewerawo, kukongola kwa malowo, ndi zikho zimene mphunzitsi wazindandalika pa shelefu. Zitatuzi zili ndi malo ake, koma palibe chimene chiyenera kutsogola. Choyamba kuona ndi mmene mphunzitsi amasamalira mutu wa wophunzira watsopano pa tsiku limene wayamba kuyeserana nkhonya ndi anzake. Mwendo wotupa umaphwa, nthiti yothyoka imalumikizana, koma ubongo umene wagwedezeka mobwerezabwereza subwerera mwakale.

Nkhaniyi ikukhudza olankhula Chichewa a mbali zonse za malire. Mutare, umene unkatchedwa Umtali mpaka mu 1982, unakula chifukwa cha njanji yopita ku Beira ndi migodi ya golide ya ku Penhalonga, ndipo ntchito zimenezi pamodzi ndi minda ya tiyi ndi ya mitengo ya ku Manicaland zinakoka anthu ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Zidzukulu zawo zilipo ku Sakubva, ku Dangamvura ndi ku Chikanga, ndipo malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka za dzikolo. Makolo ena a ana amenewa ali ku Johannesburg, ena ku Lilongwe, ndipo amangotumiza ndalama mwana akawauza pa foni kuti wayamba kupita ku jimu. Nawonso ayenera kudziwa mafunso oyenera kufunsa.

Chichewa chenichenicho chimathandiza kuika nkhaniyi poyera, chifukwa mneni mmodzi amabala mawu angapo amene Chingelezi chimawaunjika pamodzi. Pali kumenya, kumenyana, kumenyedwa ndi kumenyetsa. Kumenya ndi luso la kuponya chibakera kapena theche molondola, ndipo munthu angaliphunzire pa thumba lopachika popanda kukhudza mnzake. Kumenyana kumafuna anthu awiri ndi malamulo. Kumenyedwa ndi mtengo umene wosewera aliyense amalipira, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuuchepetsa. Kumenyetsa ndiko kupereka mwana wa mwini kwa wamphamvu kuti amuphunzirirepo. Malo aliwonse ophunzitsira amalonjeza mawu oyambawo. Kusiyana kwawo kumaonekera pa mawu awiri omalizawo: ena amaphunzitsa kupewa kumenyedwa kuyambira tsiku loyamba, ena amamenyetsa ophunzira awo n'kumati ndiko kuwakhwimitsa.

Mayina a masewerawa ali ndi tanthauzo, ndipo wosankha ayenera kuwadziwa. Nkhonya zimagwiritsa ntchito manja okha, kumenya kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Popeza zida zake n'zochepa, zimazama kwambiri pa kayendedwe ka mapazi, kuzinda mutu ndi kuyeza mtunda, koma pa chifukwa chomwecho zibakera zambiri zimalunjika kumutu. Kickboxing imawonjezera mateche. Muay Thai ya ku Thailand imalolanso zigongono, mawondo ndi kugwirana m'khosi, n'chifukwa chake imatchedwa luso la ziwalo zisanu ndi zitatu. Taekwondo ya ku Korea imadalira kwambiri miyendo. Karate ili ndi nthambi zambiri: ya Shotokan, yochokera kwa Gichin Funakoshi, imapikisana mowerenga mapointi ndipo womenya amayenera kubweza dzanja lisanapweteke mnzake, pamene ya Kyokushin, imene Masutatsu Oyama anaikhazikitsa mu 1964, imalola kumenyana mwamphamvu popanda magolovesi koma imaletsa chibakera kumaso.

Manicaland ili ndi chifukwa chonyadira Kyokushin. Samson Muripo, wochokera ku Chimanimani, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2009 ku Osaka, m'dziko la Japan, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kufika pamenepo. Komabe ulemu umenewu susintha mfundo yakuti mtundu uliwonse uli ndi mpata umene umausiya. Wa Kyokushin amakhala ndi thupi lolimba ndi mateche oopsa, koma sazolowera chibakera chobwera kumaso. Wa nkhonya amaona chibakera chisanafike, koma theche la pa ntchafu limamudzidzimutsa. Wa Shotokan amathamanga ndi kulondola, koma angadabwe atakumana ndi munthu amene saima akamenyedwa kamodzi. Mkangano wakuti mtundu woposa unzake ndi uti umatha maola ambiri pa intaneti, ndipo kwa woyamba kumene phindu lake n'lochepa. M'chaka choyamba amaphunzira zofanana kulikonse: kuima bwino, kupuma bwino, kusatsinzina, kubweza dzanja pachibwano. Mphunzitsi wabwino wa karate amamupatsa zambiri kuposa mphunzitsi wosasamala wa Muay Thai, ndipo zikatembenuka n'chimodzimodzi.

Chifukwa choikira mutu patsogolo chili m'kapangidwe ka thupi. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chigaza. Chibakera chikatembenuza mutu mwadzidzidzi, makamaka chikagwera pachibwano, ubongo umagwedezeka ndipo timitsempha take timakokeka. Mu 1928 dokotala wa ku America, Harrison Martland, analemba za ankhonya akale amene ankayenda mopepesuka ndi kulankhula mokoka lilime ngati oledzera, ndipo matenda amenewa masiku ano amadziwika ndi dzina lakuti CTE. Ngozi ina imabwera msangamsanga. Mu 1982 Duk Koo Kim wa ku South Korea anamwalira patapita masiku ochepa atamenyana ndi Ray Mancini ku Las Vegas, ndipo imfa yake inachititsa kuti mipikisano yolimbirana malamba a dziko lonse ichepetsedwe kuchoka pa maraundi 15 kufika pa 12. Zimbabwe nayo inalira mu 2021 pamene Taurai Zimunya anamwalira atagwetsedwa pa mpikisano ku Harare.

Imfa za pa mpikisano zimalembedwa m'nyuzipepala, koma zibakera zambiri zimene munthu amalandira m'moyo wake sizigwera pamaso pa anthu. Wankhonya amapikisana kangapo pa chaka, pamene kuyeserana kwa ku jimu kumachitika mlungu uliwonse, popanda dokotala, popanda woyimbira, ndipo nthawi zambiri popanda wolemba kuti uje anazunguzika mutu Lachiwiri. Ambiri mwa olowa m'makalabu sadzakwera n'komwe m'bwalo la mpikisano, kutanthauza kuti kuvulala kwawo konse kudzachokera kwa anzawo a m'kalabu. Chisoti choteteza mutu sichithetsa vutoli. Chimateteza ku mabala ndi kutupa, koma sichiletsa ubongo kugwedezeka, ndipo mu 2013 bungwe loyendetsa nkhonya zosalipidwa pa dziko lonse linachotsa zisoti pa mipikisano ya amuna akuluakulu, kotero kuti amuna anamenyana opanda zisoti pa masewera a Olympics a ku Rio de Janeiro mu 2016. Chotetezera chenicheni ndi munthu amene waima pambali ndi mphamvu yonena kuti basi.

Choncho njira yabwino yosankhira ndi yosafuna ndalama: kupita kukakhala pa benchi tsiku loyeserana n'kuonerera mpaka mapeto. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi wosamala salola wobwera kumene kuyeserana asanathe milungu yambiri akuphunzira kuima, kutchinga ndi kuzinda. Amaphatikiza anthu olingana kulemera, ndipo akaika wodziwa ndi wosadziwa amauza wodziwayo kuti ntchito yake ndi kuphunzitsa. Amaonetsetsa kuti aliyense wavala choteteza mano, wakulunga mabandeji m'manja, ndipo wavala magolovesi akuluakulu a maaunsi 14 kapena 16, chifukwa aang'ono a maaunsi 8 kapena 10 ndi a pa mpikisano. Maso ake amakhala pa awiri amene akuyeseranawo, foni ili m'thumba. Wina akagwedezeka miyendo, amaimitsa pomwepo, ndipo samulola kubwerera tsiku lomwelo kapena mawa lake. Malamulo a nkhonya zosalipidwa amalamula kuti wogwetsedwa ndi chibakera cha kumutu apume masiku osachepera 30. Kalabu imene imalemekeza lamuloli ngakhale pa zochitika za m'kati mwake ndi yoyenera kuikhulupirira.

Zizindikiro za malo oipa nazonso zimaoneka tsiku limodzi. Watsopano amaponyedwa kwa katswiri wa kalabu mlungu woyamba kuti aone ngati ali ndi mtima. Anzake amaimba m'manja akagwa, wina akujambula kuti akaike pa WhatsApp. Wodandaula mutu, wosanza kapena woona zinthu ziwiriziwiri amauzidwa kuti amwe madzi apitirize, pamene ameneyo ndi wofunika kupita naye ku chipatala, monga cha Victoria Chitepo, tsiku lomwelo. Mphunzitsi mwiniyo amavala magolovesi kuti alange wophunzira wamwano. Malo oterewa angakhale ndi matailosi, nyimbo ndi makina othamangirapo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Holo ya simenti yokhala ndi thumba limodzi losokedwa zigamba ndi matayala akale ikhoza kukhala sukulu yabwino koposa, ngati woyendetsa amawerenga zibakera zimene ana ake akulandira.

Otsutsa mfundoyi ali ndi mawu olemera, ndipo sayenera kunyozedwa. Amati nkhonya si gule, ndipo amene sanalaweko chibakera chenicheni adzasweka mtima tsiku limene adzakumane nacho m'bwalo kapena mumsewu. Pamenepa pali choonadi. Wokonzekera mpikisano amafunikadi maraundi ena olimba, chifukwa mantha ndi kutopa sizingaphunziridwe pa thumba. Koma maraundi amenewo ndi mankhwala a mlingo: amaperekedwa kwa wokonzeka, pa nthawi yoikika, mphunzitsi akuyang'ana. Chibwano sichilimba ndi kumenyedwa monga mmene chikhatho chimachitira zikang'a ndi khasu, ndipo odziwa masewerawa amaona kuti wogwetsedwa kawirikawiri amayamba kugwa mosavuta. Ku Thailand, kumene osewera Muay Thai amapikisana pafupipafupi, kuyeserana kwa ku jimu kumakhala kopepuka ngati kusewera, chifukwa thupi amalisungira mpikisano. Munthu amene sakuopa kuvulala amayesa zinthu zatsopano n'kuphunzira msanga, pamene wamantha amangodziphimba n'kumadikira belu.

Chikhulupiriro chakuti mphamvu ndiyo zonse n'chakale m'matauni a kuno, ndipo chili ndi mawu ake amene Chichewa ndi Chishona zimagawana. Achewa amati mangolomera, Ashona amati mangoromera, kunena mankhwala amene amati amapatsa munthu nyonga yomenyera anzake. Katswiri wa mbiri Terence Ranger, polemba za nkhonya za anthu akuda m'matauni a Southern Rhodesia, anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1930 masewerawa ankasonkhanitsa chikhamu cha anthu, magulu ankatsatira kwawo kwa osewera, ndipo nkhani za mankhwala zinkayenda limodzi ndi mbiri ya ngwazi. Masiku ano mangolomera avala zovala zina: ufa wa m'zitini wokulitsa minofu, mapiritsi ogulidwa mobisa, ndi mawu akuti mwamuna sadandaula mutu. Maganizo ake ndi omwewo, akuti kupambana kumachokera ku chinthu chimene munthu wameza kapena wapirira. Mbiri ya akatswiri a chigawo chino ikusonyeza kuti kumachokera kwa mphunzitsi.

Charles Manyuchi wa ku Zimbabwe anawoloka Zambezi kukaphunzira ku Lusaka pansi pa Oriental Quarries Boxing Promotions, ndipo ali kumeneko anatenga lamba wa WBC Silver mu May 2016 atagonjetsa Dmitry Mikhaylenko ku Yekaterinburg, m'dziko la Russia. Khola lomwelo linasula Catherine Phiri, amene anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu January 2016. Isaac Chilemba anachoka ku Blantyre kukakhwimira ku Johannesburg, mpaka anamenyana ndi Sergey Kovalev mu 2016 ndi Dmitry Bivol mu 2018. Themba Gorimbo, amene ali mnyamata ankakumba dayamondi ku Marange, m'boma lomwelo la Mutare, anaphunzira kumenya ku South Africa, anakhala katswiri wa EFC mu 2019, n'kulowa UFC mu 2023, ndipo pokonzekera ku Miami ankagona m'jimu momwemo. Onsewa anayenda mitunda italiitali kutsata anthu odziwa kuphunzitsa. Nkhani ya Manyuchi ili ndi phunziro linanso: mu March 2017 ku Singapore anataya lamba uja m'raundi yoyamba kwa Qudratillo Abduqaxorov, atatsitsa manja modzidalira. Luso lodziteteza limafunika kwa katswiri monga kwa woyamba kumene.

Apa wina anganene kuti ngati zili choncho, ndiye kuti zikho za pa shelefu ndizo umboni wa mphunzitsi wabwino. Umboniwo ndi wa theka. Chikho chimanena za mmodzi amene anapambana, ndipo chimakhala chete pa makumi amene analowa khomo lomwelo n'kusiya. Kalabu ikhoza kutulutsa katswiri mwa kusefa: kumenyanitsa ana ambiri mpaka wolimba mwachibadwa atsale. Njira imeneyi imabala ngwazi imodzi ndi anthu ambiri odwala mutu amene palibe amawafunsa. Funso lothandiza ndi lakuti ophunzira wamba, amene alibe mphatso yapadera, akhala zaka zingati pamalopo, ndipo asintha motani. Kalabu imene muli anthu a misinkhu yosiyanasiyana, atsikana ndi anyamata, ena a zaka zitatu kapena zisanu pamalopo, olankhula bwinobwino ndi oseka akamaliza kuyeserana, yapereka kale yankho. Ndiponso amene anali katswiri m'bwalo sakhala mphunzitsi wabwino nthawi zonse, chifukwa zimene thupi lake linkachita lokha mwina sadziwa kuzifotokoza.

Mtunda ndi ndalama zili ndi mawu akenso. Wokhala ku Dangamvura amene wasankha jimu ya pakati pa tauni ayenera kuwerengera kombi yopita ndi yobwera katatu pa mlungu, ndi ulendo wa usiku akaweruka. Luso lomenya limakula ndi kubwerezabwereza, ndipo kalabu yapafupi imene munthu angafikeko wapansi chaka chonse imaposa yotchuka imene adzaisiya mwezi wachiwiri ndalama zikatha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma kuyandikira kusakhale chifukwa cholekerera nkhanza: ngati yapafupiyo imamenyetsa ana, kuli bwino kuthamanga, kudumpha chingwe ndi kumenya thumba kunyumba mpaka mwayi wina utapezeka. Pa ndalama zochepa zimene zilipo, choteteza mano ndi mabandeji zigulidwe poyamba, magolovesi pambuyo, yunifolomu ndi nsapato pomaliza. Kulipira mwezi ndi mwezi n'kwanzeru kuposa kulipiriratu chaka, ndipo malo amene amafulumiza mayeso a malamba achikuda, aliwonse ndi mtengo wake, akugulitsa nsalu.

Kwa ana ndi atsikana pali mafunso owonjezera. Chigawo chino chaona akazi akukwera pamwamba: Esther Phiri wa ku Zambia, Anisha Bashir wa ku Malawi, ndi Kudakwashe Chiwandire wa ku Zimbabwe, amene anagonjetsa Catherine Phiri ku Lusaka mu February 2022. Atsikana ambiri akufuna kuwatsatira, ndipo kholo lili ndi ufulu wodziwa ngati khomo limakhala lotsegula pophunzira, ngati likuloledwa kuonerera, ngati pali posinthira zovala padera, ndi amene amaperekeza ana pa maulendo a mipikisano. Mphunzitsi amene amakwiya ndi mafunso amenewa wadziulula yekha. N'koyeneranso kufunsa ngati kalabuyo ndi yolembetsedwa. Ku Zimbabwe nkhonya zosalipidwa zili pansi pa Zimbabwe Boxing Federation, zolipidwa zili pansi pa Zimbabwe National Boxing and Wrestling Control Board, ndipo mabungwe a masewera amayang'aniridwa ndi Sports and Recreation Commission. Chikalata sichisandutsa munthu kukhala wachifundo, koma chimapereka kokadandaula zinthu zikalakwika. Kwa mwana wamng'ono, amene ubongo wake ukukulabe, zaka zoyamba zingathe bwinobwino popanda kumenyedwa kumutu ngakhale kamodzi.

Masewera omenya ali ndi mphatso zenizeni kwa wachinyamata wa m'tauni imene ntchito n'zosowa ndipo mankhwala ozunguza bongo ali pa ngodya iliyonse. Amamupatsa nthawi yodzukira, thupi lolimba, anzake, ndi munthu wamkulu amene amazindikira akajomba. Mphatso zimenezi ndizo zimachititsa kuti kusankha mphunzitsi kukhale nkhani yaikulu, chifukwa wophunzira amapereka kwa munthuyo chinthu chimene sangachigulenso. Mwa ophunzira zana, mwina mmodzi adzavala lamba wa dziko. Otsalawo adzakhala amakaniko, anamwino, oyendetsa malole a ku Beira ndi makolo, ndipo onsewo adzafuna kukumbukira mayina a ana awo ali ndi zaka 60. Kalabu yoyenera ndi imene mphunzitsi wake amawaganizira iwowo akamaimitsa raundi.